Matenda Akula, Bwerani

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichikumbuka. Chimene ndimakumbuka n'chakuti achemwali anga, a Etinala, anatsamwa ndi mbatata yophika, ife n'kumaseka. Anadziguguda pachifuwa, maso ali psu, ndipo atapeza mpweya anati mbatata ya chaka chimenecho inali youma. Mawa lake anatsamwa ndi nthochi yakupsa, ndipo palibe amene anaseka.

Achemwali amenewa ndiwo anandilera. Mayi athu anatisiya ine ndisanayambe sukulu, ndiye achemwali anakhala mu utsi wa kachasu kuseri kwa nyumba mpaka ine ndinamaliza maphunziro a sayansi. Anali munthu wa pakamwa, wosasunga mawu m'masaya. Dzina langa analitaya kalekale, ankangonditcha namaphunziro. "Iwe namaphunziro iwe, mabuku onse aja koma ndowa ikukukanika kusenza!"

Kuchipatala cha kuboma adokotala anatiitanira pambali, ine ndi alamu anga a Jailosi, amuna awo a achemwaliwo. Anati kummero kuli chotupa, ndi khansa, ndipo chizingotseka njira ya chakudya pang'onopang'ono. Tikutuluka, alamu anandiimitsa pakhonde.

"Mlamu, izi zithere pompano. Tikawauza, afa ndi maganizo matenda asanawaphe."

Ndinavomera. Tinakawauza kuti ndi zilonda zapakhosi.

"Zilonda?" anatero achemwali. "Ndiye iwe ukudikira chiyani? Ndinameza utsi zaka zonse zija kuti uzindiyang'ana ngati kadzidzi? Pita kwa anzako ophunzirawo ukandifunire mankhwala. Ine ndili pompano, ndikudikira."

Ndinamanga chikwama changa n'kupita.

Tauni yoyamba inali ya fumbi, yokhala ndi njanji imene sitima inaiiwala. Kuseri kwa chipatala chake kunali kanyumba ka mazenera osatsegula, labotale ya mayi Chikaonda, katswiri wofufuza za khansa. Anali mayi wamfupi, wosaseka, wa manja ozizira. Bambo awo ankagulitsa mkaka wa ng'ombe panjinga, ndipo iwo ali mtsikana ankathamanga ndi chigubu khomo ndi khomo kuti mkaka uthe usanasase.

"Mpaka lero ntchito yanga ndi yomweyo," anandiuza. "Kuthamanga ndi chinthu chisanawonongeke."

Anandikhazika pampando wautali n'kundiphunzitsa ngati sindinapiteko kusukulu. Anati thupi la munthu ndi mudzi wa tinyumba tosaoneka ndi maso, timene timati maselo. M'kanyumba kalikonse muli mwini mawu, DNA, amene satuluka kuchipinda kwake. Akafuna kuti ntchito igwiridwe, amatuma mthenga, ndipo mthengayo ndiye RNA.

"Khansa ndi pamene maselo akungomva uthenga woti berekanani, koma woti lekani sukufika. Anzathu ambiri amafufuza mwini mawu. Ine ndimabisalira mthenga panjira, ndimve zimene wanyamula."

Koma mthenga ameneyo, abale, ndi wosachedwa kufa. Thukuta la chala limamupha. Kutentha pang'ono kumamupha. Ndinaphunzira kuvala magolovesi, kugwira ntchito pamwamba pa madzi oundana mpaka zala kuchita dzanzi, ndiponso kusayankhula nditaweramira kabotolo. Chomalizachi ndiye chinandivuta, ine woleredwa ndi a Etinala. Ndikati nditsegule pakamwa, mayi Chikaonda ankangondiloza ndi chibwano, ine ziii.

Odwala a m'mawodi ankalola kuti tizidulako kachidutswa ka chotupa chawo. Tizidutswa timeneti tinkatisunga m'firiji yaikulu imene inkang'ung'udza pakona tsiku lonse. Ambiri mwa eni tizidutswato anali atapita kale, koma mithenga yawo inali idakali mmenemo, itauma gwa, kudikira woimvera.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. "Mayi, nanga mankhwala tipanga liti?"

"Mwana iwe, tikuphunzira kaye kumva. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Mmero wa achemwali anga sudekha," ndinatero mokwiya. Anangondipatsa magolovesi ena.

Mvula inabwera n'kupita, kaya kangati. Ndiye m'nyengo ina yotentha magetsi anazima, injini yothandizira inatsokomola n'kufa, ndipo pamene zonse zinkadzuka, firiji inali itasiya kalekale kung'ung'udza. Titatsegula, madzi ofiirira anayenderera pansi mpaka pansapato zathu. Mayi Chikaonda anagwada n'kuyamba kutulutsa timabotolo kamodzikamodzi. "Uyu anali mphunzitsi. Uyu ankasoka nsapato. Mayi uyu anandiuza kuti tidule chachikulu, poti iye sichimuthandizanso." Sanalire. Ine ndi amene ndinalira, chifukwa ndinaona kuti anthu aja afa kachiwiri.

Atamaliza kukolopa anandiuza kuti, "Pita kumapiri, kwa a Sandalamu. Kuno kwatsala madzi."

Padepoti ndinapeza alamu a Jailosi atakhala pamwala, thalauzi lili ndi fumbi lofiira la kwathu. Momwe anadziwira kumene ndinali sindinafunse. Zaka zimenezo zinthu zinkangochitika choncho.

"Alamu, kumudzi?"

"Kumudzi kuli bwino, mlamu. Achemwali anu akudya phala ndithu, mbale yonse. Akuti mufulumire."

Mtima wanga unakhala pansi. Basi itanyamuka m'pamene ndinadzifunsa kuti munthu wamkulu, wa mano ake onse, akunyadiridwa bwanji chifukwa cha phala.

Tauni ya kumapiri inali ya nkhungu. Anthu ankatulukira pafupi nawe ngati achokera pansi, n'kuzimiririkanso usanamalize kuwapatsa moni. Labotale ya a Sandalamu inali pamwamba pa sitolo ina, ndipo munthu ankayamba kumva kuseka kwawo ali pamasitepe. Anali bambo wamtali, wa jekete lokhala bwino pathupi. Pashelefu, pakati pa mabotolo, panali mutu wa makina osokera, wakuda, wopukutidwa bwino.

"A bambo anga amenewo," anatero ataona kuti ndikuyang'ana. "Telala wa pakhonde. Khansa ya m'magazi inawatenga akufunsabe kuti lumo lawo lili kuti. Ine ndinathawa utelala n'kupita kuyunivesite, kumeneko n'kukapezanso utelala womwewo. Khotekhote ngwa njira!"

Anandionetsa zimene ankatanthauza. Uthenga ukamatuluka kuchipinda kwa mwini mawu umakhala ngati nsalu yosadula. M'selo muli amisiri amene amadula mbali zina n'kulumikiza zotsalazo, ndipo akadula bwino ntchito imayenda. Mu khansa, amisiri aja amadula posayenera.

"Tsono choopsa, mayi wanga, n'chakuti msoko suoneka. Uthenga umafika wosalala, mawu onse oona okhaokha. Koma chimene chadulidwacho ndi chomwe chikanapulumutsa munthu."

Kumeneko ndinakhalitsa. Ndinaphunzira kuwerenga mizere ya mithenga pakompyuta, kuiyerekeza ya munthu wabwinobwino ndi ya wodwala, kufunafuna podulidwa. Maso ankawawa, msana unkawawa. A Sandalamu ankadutsa kumbuyo kwanga akuimba nyimbo za kwaya, n'kumandinyodola kuti ndikwatiwa ndi kompyutayo. Anali ndi ophunzira ena, anyamata ndi atsikana anzeru zoopsa, koma ankachoka mmodzimmodzi kupita kumayiko akunja, ndipo mipando yawo inkatsala momwemo, majuzi ali pamsana pake.

Tsiku lina ndinaupeza msoko. Mu mithenga ya zotupa za kummero munali kachigawo kosowa, pamalo amodzimodzi, mwa wodwala uyu ndi uyo ndi uyo. Ndinakuwa. A Sandalamu anabwera, anayang'ana, n'kuyamba kuvina pakati pa matebulo jekete lili m'manja.

"Ndiye mankhwala?" ndinafunsa akuvinabe.

Anaima. "Aaa, mwafulumira mayi. Tapeza pong'ambika. Singano ndi ulusi tilibe."

Ndinawada tsiku limenelo, ndinene zoona. Ndinada jekete lawo, ndinada kwaya yawo. Munthu akuvina, kwathu munthu akulephera kumeza.

Pasanapite nthawi, anthu akutali amene ankathandiza ntchitoyo anasintha maganizo, anati tsopano mtima wawo uli pa udzudzu. Mwini sitolo anafuna chipinda chake kuti aziikamo matumba a simenti. Ndinathandiza kutsitsa makatoni. A Sandalamu anatsika pomalizira atakumbatira mutu wa makina uja, kuseka kutawathera.

"Wolokani nyanja yamchere," anandiuza. "Kuli mayi wina, dzina lake Ilinka. Ngati ulusi ulipo, uli kwa iyeyo."

Padepoti, m'kati mwa nkhungu, alamu a Jailosi anali pamwala, fumbi lofiira lili pathalauzi.

"Alamu, kumudzi?"

"Kuli bwino, mlamu. Akumwa thobwa ndithu, kapu yonse."

"Nanga phala?"

"Phala atopa nalo." Anayang'ana nsapato zawo. "Akuti namaphunziro asaiwale chimene anapitira."

Msoko ndinauona, poti ndinali nditaphunzira. Koma ulusi wake sindinaukoke, ndinaopa chimene chikanatuluka. Ndinawapatsa moni wa kumudzi n'kukwera basi.

Mzinda wa kutsidya kwa nyanja unali wozizira moti malovu ankafuna kuuma mkamwa. Dzuwa linkatuluka mochedwa, lofooka, n'kubwerera msanga ngati nalonso likudwala. Anthu ankayenda mofulumira osapatsana moni. Labotale yake inali yaikulu kuposa chipatala cha kwathu, magetsi osaphethira ngakhale kamodzi, mafiriji ali ndandanda. Ndinawakumbukira mayi Chikaonda ndi chokolopera chawo, mtima n'kundiwawa.

Mayi Ilinka anali woonda, wa maso otuwa, ndipo chipewa choluka sichinkachoka kumutu kwawo. Anakulira m'dziko limene mawu amodzi olankhulidwa patebulo ankatha kutengetsa bambo wa pakhomo osabweranso. Anati akafuna kufunsa funso ali mwana, mayi awo ankawatseka pakamwa ndi dzanja lonunkha anyezi.

"N'chifukwa chake ndimafufuza timithenga ting'onoting'ono," anatero. "Timeneti sitinyamula uthenga wakewake. Ntchito yake ndi kukagwira mthenga wina n'kumutseka pakamwa. Ndinakula ndikudana nako kutsekedwa pakamwa. Tsopano ndikufuna kuitseka khansa pakamwa, isiye kufuula."

Ntchito yathu inali pa mbewa zoyera. Tinkazipatsa zotupa, kenako n'kuzibaya timithenga tija. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo la chipinda chake kukamwa kuli yasa.

"Mayi, kwathu mbewa ndi ndiwo, timazikumba ndi khasu. Kuno zili ndi nyumba yofunda ndi adokotala awoawo!"

Anaseka kamodzi kokha, kuseka kwa munthu woiwala kasekedwe, kenako anatsokomola nthawi yaitali.

Chipale chofewa chinagwa n'kusungunuka, n'kugwanso. Ndinaphunzira kugwira mbewa pakhosi osaipweteka, kuyeza chotupa chake, ndiponso kuipha ntchito yake ikatha. Ndiye m'mawa wina ndinayeza mbewa ina, chotupa chachepa. Ina, chachepa. Ina, chatheratu, pangotsala khungu lokwinyika. Ndinakhala pansi pomwepo. M'maganizo ndinaona achemwali akudya mbatata.

Ndinathamangira kwa mayi Ilinka n'kuwagwadira monga timachitira kwathu, iwo n'kudabwa.

"Mayi, ndipatseniko botolo limodzi lokha. Ndinyamuka lero lomwe."

"Dzuka," anatero. "Amenewa ndi mankhwala a mbewa. Mwa munthu, timithengati timafera m'magazi tisanafike. Tikatiwonjezera, chiwindi chimawonongeka. Kuti zidzatheke papita zaka, mwina iwe uli ndi imvi."

"Mukundimana! Mukusungira anthu a kwanu!"

Sanakwiye. Anangovula chipewa chija. Kumutu kunalibe tsitsi ngakhale limodzi, ndipo m'pamene ndinaona kuti mbali imodzi ya chifuwa chawo inali yophwa.

"Ukuganiza kuti akanakhalapo, ine sindikanamwa?"

Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Anavalanso chipewa chawo n'kutsegula kabati. Anatulutsa kabokosi kakatali, komata bwino.

"Aka ndi kapaipi. Dokotala wodziwa amakalowetsa kummero, kamatsegula njira. Sikachiza. Koma munthu amameza, amadya ndi anzake, amaonako nyengo ina. Pita kwanu, wakhalitsa."

Pamene ndinkapita kukatsanzika, mpando wawo unali wopanda munthu, ndipo mnyamata wina wa ndevu anali akuchotsa dzina lawo pachitseko.

Alamu a Jailosi anali padepoti ya kumeneko, pakati pa chipale, atavala malaya a manja aafupi okha. Sankanjenjemera. Fumbi lofiira linali pathalauzi.

"Alamu, kumudzi?"

"Kuli bwino, mlamu. Akumwa madzi ndithu."

Apa ndiye zinandikwana. Ndinaponya chikwama pansi.

"Alamu, ndatopa nanu! Phala, thobwa, madzi, mawa mudzati akumeza malovu ndithu! Mukundidulira mawu ngati telala, mukuyesa sindikuona msoko? Ine si mwana. Ulendo wina mudzanene momwe ziliri, osachotsa, osawonjezera. Mwamva?"

Anapotokola chipewa m'manja. Anali munthu wofatsa, wosazolowera kukalipiridwa ndi wamng'ono.

"Ndamva, mlamu. Ine ndimati ndikupepuzeni katundu, poti muli paulendo. Koma ndamva. Ndidzanena momwe ziliri."

Njira yobwerera inatalika kuposa yopita. Sitima zinkachedwa, milatho inali itakokoloka, mabasi ankaima m'matauni amene sindinawaonepo koma anthu ake ankandidziwa. Kabokosi kaja ndinkagona nditakakumbatira. Ndinadutsa m'tauni ya nkhungu, ndipo pakhonde la sitolo ija ndinaona bambo wamtali ataweramira makina, akusoka yunifolomu ya mwana wasukulu. Anandikwezera lumo osasiya kupalasa.

M'tauni ya fumbi mayi Chikaonda anali atapeza firiji ina, yaing'ono, ndipo anali atayambiranso ndi timabotolo towerengeka. Tsitsi lawo linali litayera. Ataona kabokosi kaja anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Wafika nthawi yabwino. Kuno kwabwera dokotala wodziwa kuika timeneti, koma sakhalitsa. Mawa galimoto ya chipatala ikupita cha kwanuko. Ukawatenge achemwali ako."

Ndinapita kudepoti kuti ndikawauze alamu. Mwala unalipo, koma panalibe munthu. Ndili chiimire, foni inalira m'chikwama. Anali mawu a alamu, akumveka patali, mphepo ikuwomba.

"Mlamu, matenda akula. Bwerani."

Foni inaduka.

Kwathu munthu wa paulendo sauzidwa kuti m'bale wake wamwalira. Angakomoke panjira, angadzigwetse m'galimoto. Amangouzidwa kuti matenda akula, ndipo aliyense woyamwa bere la kwathu amadziwa kuti adzukulu ayamba kale kunola makasu. Ndi mmene anandiuzira azakhali za agogo, ndi mmene achemwali anawauzira amalume za mayi athu. Sindinaimbenso foni. Ndikanafunsa chiyani?

Ndinabwerera kulabotale ndikuyenda ngati woledzera. Nditawabwerezera mawu aja, mayi Chikaonda anavula magolovesi n'kuwaika pansi.

"Pepa, mwana wanga. Zachitika."

Kenako anati m'wodi muli bambo wina woumba njerwa, wa matenda omwewo, amene ana ake amangomunyowetsa milomo ndi kansalu. Mayiwo sanandipemphe kanthu. Ine ndi amene ndinakankhira kabokosi kaja kwa iwo. Ndinaima pakhomo adokotala akugwira ntchito yawo, ndipo dzuwa lisanalowe bambo uja anamwa tiyi, ana ake akuwomba m'manja. Ndinasangalala nawo pang'ono, kenako ndinapita kumsika kukagula nsalu yoyera.

Galimoto ya chipatala sindinaidikire. Ndinakwera lole ya makala, kenako njinga, kenako ndinayenda pansi. Dzuwa linali pamutu pamene ndinaona mitengo ya mango ya kwathu. Pamsewu panalibe masamba amene amaika pakagwa zovuta, koma ndinangoti mwina mbuzi zadya. Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinaika manja kumutu, ndipo nditafika pamjigo ndinayamba, monga amachitira mwana wa pamudzi wofika pamaliro.

"Achemwali anga ine! Mayo, achemwali! Mwandisiyira yani ine? Khansa yakudyani mmero ife tikukunamizani kuti ndi zilonda! Munandituma mankhwala, ndazungulira dziko lonse, mankhwala kulibe, mayo ine! Kulibe, achemwali, kulibe!"

Amayi amene anali pamjigo anasiya ndowa zikusefukira n'kundilandira kulira, poganiza kuti ine ndamva zimene iwo sanamve. Tinalowa m'mudzi tili chigulu, ine patsogolo, mawu anga pamwamba pa onse. Zaka zonse zotseka pakamwa zija zinatulukira pamenepo. Agalu anauwa, ana anathawira m'nyumba.

Ndiye ndinaona alamu a Jailosi akuthamanga kuchokera kuseri, akukupiza manja ngati akuingitsa nkhuku.

"Mlamu! Mlamu, chete! Ali moyo!"

Kulira kunandithera pakhosi.

"Si munati matenda akula?"

"Akuladi! Nanga si munati ndizinena momwe ziliri?"

Achemwali anali pakhonde, pamphasa, atatsamira khoma. Ndikanakumana nawo panjira sindikanawadziwa. Mikono inali ngati mapesi, ndipo pambali pawo panali kachitini kolavuliramo, poti ngakhale malovu sankadutsa. Koma maso anali omwe aja, ndipo makutu anali abwinobwino. Kuchokera pamjigo kufika pakhondepo si patali.

Amayi aja anabwerera cham'mbuyo mmodzimmodzi. Ine ndinagwada pamphepete pa mphasa, manja akadali kumutu, nditaiwala kuwatsitsa.

"Wabwera," anatero achemwali. Mawu ankatuluka ngati akukwecha pachitsulo.

"Ndabwera, achemwali."

"Khansa, wati?" Anatembenuza maso kwa amuna awo. "A Jailosi, zilonda zija n'zimenezi?"

Alamu anakhala pansi pafumbi n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

"Ndimadabwa," anatero achemwali. Analavulira m'kachitini, n'kupuma. "Zilonda zanji zosamva mankhwala. Tsono iwe, wati kulibe?"

Ndikanatha kunena kuti akupanga, kuti mbewa zikuchira, kuti msoko tinaupeza. Onsewo akanakhala mawu oona.

"Kulibe, achemwali."

"Olo pang'ono?"

"Kanalipo kothandiza kumeza. Ndapatsa munthu wina dzulo. Ndimayesa mwapita."

Anatseka maso. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndinkafuna kuti anditukwane, kutukwana kuja kwa kuseri kwa nyumba. Koma anangofunsa kuti, "Wameza?"

"Wamwa tiyi."

"Wa mkaka?"

"Eya."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ndipo ndinaona mmero wawo ukuyesa kuyenda wokha. Kenako analoza chikwama changa.

"Nanga mmenemo muli chiyani? Usabwere chimanjamanja kwa mkulu wako."

Anatambasula dzanja okha n'kukoka nsonga yoyera imene inali itatulukira pazipi. Anaitikita pakati pa zala, monga ankachitira posankha chitenje pamsika.

"Iyi ndiye wasankha bwino. Siyothetheka."

"Achemwali, pepani."

"Usandipepese, sindinakufunse." Anapuma kawiri katatu, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Nsalu ija anaikokera pamiyendo pawo n'kuisalaza ndi chikhato. "Bwanji wasiya? Unayamba bwino. Sindimadziwa kuti uli ndi mawu chonchi."

"Achemwali?"

"Malizitsa kulira ndimve. Tsiku lakelo ine sindidzamva."

Ndinayang'ana alamu, koma chipewa chinali chikadali kumaso. Ndinayang'ana amayi aja, ataima patali pansi pa mango, ndowa zawo zili kumjigo. Palibe amene akanandithandiza. Ndinayamba motsitsa, ndikutchula utsi umene anameza, ndowa zimene anandisenzera, sukulu imene iwo sanapiteko.

Achemwali anatsamiritsa mutu kukhoma, maso ali chitsekere.

"Kweza," anatero. "Kumjigo unalira mokweza, kwa ine ukunong'ona?"